Msika wa Man United wa 2025 uja: nchifukwa chiyani masapota sitikumvana mpaka pano

Msika wa osewera ku England unatsekedwa pa 1 Seputembala 2025, 8 koloko usiku nthawi ya kuno kwathu, ndipo pofika ola limenelo masapota a Manchester United tinali titagawanika kale. Ena amati aka nkoyamba patapita zaka zambiri timu kugula mwanzeru, ena amati ayi ndalama zapitanso mmadzi ngati kale, enanso nkhani yawo sinali pa amene abwera koma pa ana amene athamangitsidwa. Mmagulupu a WhatsApp zinafika poti anthu otsatira timu imodzi kumatukwanizana kuposa mmene amachitira ndi aganyu a Arsenal kapena Liverpool. Ine ndaona kuti mkangano wambiri umabwera chifukwa anthufe timangoona maina ndi mitengo pa Facebook osadziwa kuti kuseriko ndalamazo amaziwerengera bwanji, nde ndikufuna ndifotokoze bwinobwino zimene zinachitika miyezi ya Juni, Julaye ndi Ogasiti ija, komanso ndinene pamene ine ndaima.

Tiyambe ndi kumene timachokera chifukwa popanda apa palibe chomveka. Sizoni ya 2024/25 United inathera pa nambala 15 mu Premier League ndi mapointi 42 okha, inagonja magemu 18 pa 38, ndipo inagoletsa zigoli 44 basi. Chiyambire 1974 pamene timuyi inatuluka mu ligi yaikulu sinachiteponso zoipa chonchi. Amene anagoletsa kwambiri mu ligi anali Bruno Fernandes ndi Amad Diallo, aliyense zigoli 8, pamene Rasmus Hojlund amene anali sitiraika weniweni anagoletsa 4, Joshua Zirkzee 3. Kenako chiyembekezo chomaliza chinali fainolo ya Europa League ku Bilbao pa 21 Meyi, ndipo Tottenham inatichinya 1-0, chigoli cha Brennan Johnson chosaoneka bwino nkomwe koma chinakwana. Gemu imeneyo sinali ya chikho chokha ayi, wopambana amalowa mu Champions League, komwe kuli ndalama zambiri za pa TV ndi za pageti, nde kugonja kuja kunatanthauza sizoni yonse popanda mpira wa ku Europe, zomwe zinachitika komaliza mu 2014/15.

Nde akuluakulu a timu, Omar Berrada ndi Jason Wilcox pamodzi ndi kochi Ruben Amorim, anati vuto lalikulu ndi zigoli, tigule zigoli. Woyamba kubwera anali Matheus Cunha wa ku Brazil kuchokera ku Wolves pa mapaundi 62.5 miliyoni. Apa panalibe zokambirana zambiri chifukwa mu kontirakiti yake munalembedwa kale kuti timu iliyonse ikapereka ndalama imeneyo Wolves singakanize, nchifukwa chake zinatha msanga mu Juni momwe. Cunha anali atagoletsa zigoli 15 mu ligi ali mu timu yomwe imalimbana ndi kutuluka. Wachiwiri Bryan Mbeumo wa ku Cameroon kuchokera ku Brentford, uyu nde anatitopetsa, masabata ndi masabata United ikupereka mtengo Brentford ikukana, mpaka mu Julaye anagwirizana mapaundi 65 miliyoni ndi ena 6 miliyoni oonjezera akachita bwino. Iye anali ndi zigoli 20 mu ligi sizoni imeneyo.

Pa awiriwa masapota ambiri tinagwirizana, ndipo chifukwa chake nchosavuta. Kwa zaka zingapo United imagula anyamata ochokera ku ma ligi ena pa mitengo yoopsa nkumadikira kuti azolowere, Antony kuchokera ku Ajax, Jadon Sancho ku Dortmund, Hojlund ku Atalanta, ndipo kuzolowerako sikumabwera. Cunha ndi Mbeumo onse anali ndi zaka za mma 26, anali atagunditsana kale ndi madifenda a mu Premier League, amadziwa kuti ku Burnley kapena ku Everton kuli mpira wamtundu wanji usiku wozizira. Otsutsa analipo ndithu. Ena amati Mbeumo zigoli 20 zija ndi za sizoni imodzi, mmbuyo monsemo sanafikepo ngakhale 10 mu Premier League, nde mwagula munthu pa nthawi imene mtengo wake uli pamwamba penipeni. Ena amakumbutsa za mtima wapachala wa Cunha yemwe analetsedwapo kusewera magemu angapo ku Wolves chifukwa cha ndewu. Ndipo ife a kuno ku Africa timadziwanso china, kuti AFCON, mpikisano wa matimu a mayiko a mu Africa, ya ku Morocco imayamba pa 21 Disembala 2025, nthawi imene ligi ya England imapanikiza kwambiri, nde Mbeumo, Amad ndi Noussair Mazraoui onse adzachoka pakamodzi, mbali yonse ya kumanja kutsala yopanda eni ake. Mfundo zimenezi nzoona koma kwa ine sizimakwana kuti munthu anene kuti awiriwa anagulidwa molakwika.

Pamene zinayamba kuvuta ndi pa sitiraika. United inkafuna Liam Delap wa Ipswich yemwe anali wotchipa, mapaundi 30 miliyoni, koma iye anasankha Chelsea. Viktor Gyokeres yemwe anagwira ntchito ndi Amorim ku Sporting ndipo anthu ambiri amangoti ameneyu nde akubwera basi, anapita ku Arsenal. Hugo Ekitike anapita ku Liverpool. Apa mpamene kugonja kwa ku Bilbao kunaonekera poyera, wosewera wabwino akakhala ndi matimu awiri omufuna amayang'ana kumene kuli Champions League. Mapeto ake mu Ogasiti anatenga Benjamin Sesko wa ku Slovenia kuchokera ku RB Leipzig, zaka 22, wamtali mamita 1.95, pa mayuro 76.5 miliyoni ndi ena 8.5 miliyoni oonjezera, atalimbirana ndi Newcastle.

Funso limene masapota anafunsa, ndipo ndi funso labwino, linali loti kodi Sesko akusiyana pati ndi Hojlund. Onse ndi anyamata ang'onoang'ono ochokera ku ligi yakunja, onse anadutsa ku Austria, onse anagulidwa ndalama zoposa mapaundi 60 miliyoni chifukwa cha zomwe angadzakhale mtsogolo osati zomwe ali lero. Sesko anagoletsa zigoli 13 mu Bundesliga, ligi ya ku Germany, sizoni ya 2024/25, si zoipa koma si zoti munthu ungalumbirire. Nde ena amati mukutaya mwana mmodzi yemwe simunamuthandize nkutenga mwana wina kuti mumusenzetse katundu yemweyo. Hojlund naye ananena poyera paulendo wa timu wa ku America wokonzekera sizoni kuti iye akufuna kukhala ndikumenyera malo ake, zomwe zinakhudza anthu ambiri chifukwa mnyamatayo amasapota United kuyambira ali mwana. Mbali inayo imayankha kuti chikondi sichigoletsa, munthu anatha miyezi osaona ukonde, ndipo mpira ukamuponyera atapereka msana kugolo umangomuthawa. Ine ndimaona kuti onse akunena zoona pang'ono. Hojlund anabwera mu 2023 ali ndi zaka 20 nkupatsidwa udindo wa sitiraika woyamba popanda wamkulu woti aphunzireko, mapasi samamufika, nde kulephera kwake theka nkwa timu. Koma poti Cunha ndi Mbeumo anali atabwera kale kudzathandiza kugoletsa, Sesko amalowa mmalo abwinoko kusiyana ndi amene mnzake anawapeza.

Tsopano nkhani ya ndalama, pano ndikhalapo pang'ono chifukwa mpamene anthu ambiri amasokonekera. Mu Malichi 2025 Sir Jim Ratcliffe, amene anagula gawo la timuyi loposa 27 peresenti mu 2024 ndipo ndi amene akuyendetsa za mpira, anauza atolankhani kuti timu ikanatha ndalama pofika kumapeto kwa chaka akanapanda kuchepetsa zowononga. Anachotsa ntchito anthu 250 mu 2024, nkulengeza kuti enanso ofika 200 achoka, anakweza matikiti ena kufika mapaundi 66 opanda kuchotsera ana kapena okalamba. Ananenanso kuti osewera ena si abwino mokwanira ndipo ena akulandira zambiri kuposa ntchito yawo, mpaka kutchula maina a Antony, Casemiro, Onana, Hojlund ndi Sancho ngati anthu amene timu ikulipirabe ngongole zowagulira. Nde patangotha miyezi yochepa timu yomweyo ikutulutsa mapaundi oposa 200 miliyoni pa osewera atsopano. Anthu anafunsa kuti kodi ndalama zija zachokera kuti, kapena bamboyu amatinamiza?

Yankho lake lili mu mmene mabuku a timu amalembedwera. Premier League inali ndi malamulo otchedwa PSR omwe amati timu isaluze ndalama zoposa mapaundi 105 miliyoni pa zaka zitatu, ndipo si zoopseza chabe, Everton ndi Nottingham Forest analandidwa mapointi mu sizoni ya 2023/24 chifukwa cha zimenezi. Koma mtengo wogulira wosewera salemba wonse chaka chimodzi, amaugawa pa zaka za kontirakiti yake, ndipo panopa sizingapitirire zaka 5 chifukwa Chelsea itayamba kupereka makontirakiti a zaka 8 lamulo linasinthidwa. Nde tengani Mbeumo, 65 miliyoni pa zaka 5 ndi 13 miliyoni pachaka. Cunha 12.5 miliyoni pachaka. Sesko ndi chapompo pa 13. Onse atatu pamodzi mmabuku a chaka choyamba akuoneka ngati 39 miliyoni basi, osawerengera malipiro awo ndi za ma ejenti.

Pogulitsa nde zimatembenuka. Ukagulitsa wosewera phindu lonse limalembedwa chaka chomwecho, ndipo phindulo ndi mtengo wogulitsira kuchotsapo zimene zatsala mmabuku pa mtengo umene unamugulira. Mwana wa ku akademi sunamugule, kapena unamutenga pa ndalama yochepa zedi, nde chilichonse chimene walandira ndi phindu lokhalokha. Alejandro Garnacho anabwera kuchokera ku Atletico Madrid mu 2020 ali ndi zaka 16 pa kandalama kochepa, kumapeto kwa Ogasiti 2025 anagulitsidwa ku Chelsea pa mapaundi 40 miliyoni. Taonani masamuwo, Garnacho yekha anaphimba chaka choyamba cha Cunha, Mbeumo ndi Sesko onse. Nchifukwa chake matimu a ku England masiku ano akugulitsa ana awo obadwira pakhomo, Chelsea inatero ndi Mason Mount ndi Conor Gallagher, Newcastle ndi Elliot Anderson, ndipo United yomweyi inatero ndi Scott McTominay mu 2024, amene anapita ku Napoli pa mapaundi cha mma 25 miliyoni nkukatenga Serie A, ligi ya ku Italy, komanso kusankhidwa wosewera wabwino koposa mu ligi yonse. Kunena zoona lamulo limene limapangitsa timu kuona mwana wake ngati katundu woyamba kugulitsa ine sindilikonda ngakhale pang'ono.

Koma chenjerani, mabuku ndi ndalama ya mthumba ndi zinthu ziwiri. Zili ngati munthu wotenga katundu pangongole kwa mashopu angapo, mwezi uno zikuoneka zopepuka koma mwezi wamawa onse akubwera kudzatolera tsiku limodzi. United imalipira matimu ena pang'onopang'ono ndipo nchifukwa chake mu 2025 imalipirabe osewera ogulidwa 2021 ndi 2022, pamwamba pa ngongole ya banja la Glazer yomwe inaikidwa pa timu mu 2005 pamene amaigula. Nde Ratcliffe sananame kwenikweni, ndalama ya mmanja inalidi yochepa, kungoti timu inasankha kukankhiranso katundu kutsogolo. Sapota amene amadandaula kuti mlonda ndi wophika achotsedwa ntchito pamene wosewera mmodzi akulandira pa sabata zomwe iwo sangazipeze pa zaka zambiri, ameneyo ali ndi mfundo ndipo masamu a PSR samuyankha.

Za amene anachoka nde mpamene mitima inapweteka. Kumayambiriro kwa Julaye zinadziwika kuti osewera asanu, Marcus Rashford, Garnacho, Sancho, Antony ndi Tyrell Malacia, sali mmapulani, sanapite nawo ku America ndipo amachita matireningi paokha anzawo atachoka. Jezi nambala 10 ya Rashford anaipereka kwa Cunha mwini wake asanapeze nkomwe kopita. Masapota ena anaombera mmanja, amati kwa zaka 10 osewera akhala akuchotsetsa makochi, tsopano pabwere mwambo, wosafuna kuthamanga azipita. Ine za mwambozo ndikugwirizana nazo koma njira yake inali yodzipweteka pa malonda. Ukalengeza dziko lonse kuti munthu uyu sindikumufunanso, wogula sathamanga, amangokhala pansi nkudikira tsiku lomaliza kuti utsitse mtengo wekha. Chelsea inachita zomwezo pa Garnacho, inadikira mpaka masiku omaliza a Ogasiti. Mnyamata wa zaka 21 wosewera timu ya Argentina kupita pa 40 miliyoni, chaka chomwe Anthony Elanga amene United inamutaya ku Forest pa 15 miliyoni mu 2023 amagulidwa ndi Newcastle pa 55 miliyoni, apa anthu anali ndi chifukwa chokwiyira. Garnacho naye anathandizira kudzichotsa, atakhazikidwa pa benchi ku Bilbao anadandaula pamaso pa atolankhani gemu itangotha, kenako patchuthi nkujambulitsa atavala jezi ya Aston Villa ya dzina la Rashford, nde ambiri amene amamukonda anangoti pita bwino.

Rashford ndi nkhani ina, yolemera. Mwana wa ku Wythenshawe mu Manchester momwemo, analowa timu yaikulu mu Febuluwale 2016 nkugoletsa ziwiri pa Midtjylland, patatha masiku atatu ziwirinso pa Arsenal, zigoli zonse 138 mu jezi yofiira. Anasemphana ndi Amorim mu Disembala 2024 pamene anasiyidwa pa gemu ya Manchester City, anapita pangongole ku Aston Villa, ndipo mu Julaye 2025 pangongole ku Barcelona, Barca itapatsidwa mwayi womugula pa mayuro cha mma 30 miliyoni ngati ifuna. Onani mawu akuti ngati ifuna. Pali ngongole ya mitundu iwiri imene anthu amaisakaniza, ina timu yobwereka imasankha yokha kugula kapena kubweza, ina imakakamizidwa kugula zinthu zina zikakwaniritsidwa. Ya Rashford inali yoyambayo, phindu la United linali kungopumako pa malipiro ake omwe ndi ena mwa okwera kwambiri pa timu. Ya Hojlund ku Napoli inali yachiwiriyo, mayuro 44 miliyoni Napoli ikalowa mu Champions League, ndipo mukawerengera mupeza kuti ndalamayo ili pafupi kwambiri ndi zomwe zinali zitatsala mmabuku nthawi imeneyo pa mapaundi 64 miliyoni amene anamugulira, cholinga chinali choti asalembe kuluza. Ngakhale yokakamizayo nayo imatha kuthawidwa, Chelsea inayenera kugula Sancho koma inalolera kulipira chindapusa cha mapaundi 5 miliyoni nkumubweza, mpaka tsiku lomaliza anakapezeka ku Aston Villa pangongole ina, munthu wogulidwa 73 miliyoni mu 2021.

Antony sinditaya naye nthawi. Anagulidwa ndalama zoposa mapaundi 80 miliyoni mu 2022, anakatsitsimuka ku Real Betis mpaka kufika nayo fainolo ya Conference League, iye mwini amangofuna Betis basi, nde anagulitsidwa pa mayuro cha mma 25 miliyoni. Palibe sapota amene anatsutsa kuti apite, chimene chimawawa ndi amene anavomereza mtengo woyamba uja.

Tsopano pamene ine ndaima, ndipo apa sindisuntha. Cholakwika chachikulu cha msika umenewu sichinali pa amene anagulidwa kapena kugulitsidwa, chinali pakati. Amorim amasewera 3-4-2-1, madifenda atatu, awiri othamanga mmbali, ndipo pakati penipeni anthu awiri okha oti aphimbe bwalo lonse. Anthu awiri amenewo amafunika mapapo ndi miyendo. Nanga tinali ndi ndani? Casemiro wa zaka 33, nzeru zonse ali nazo koma liwiro linapita. Manuel Ugarte wogulidwa ku PSG mu 2024, amalanda mpira koma akaulanda kuti aupititse kutsogolo zimavuta. Christian Eriksen kontirakiti inatha anapita. Kobbie Mainoo kochi samamukhulupirira. Nde poti Cunha ndi Mbeumo atenga malo awiri a kuseri kwa sitiraika, Bruno amene mphamvu yake ili pafupi ndi golo ya adani anabwezedwa mmbuyo kuti azithamangitsa anthu pakati. Mwagula awiri abwino koma mwachotsa wabwino koposa onse pamalo pake.

United inayesa Carlos Baleba wa Brighton, mnyamata wa ku Cameroon, koma Brighton ndi timu yomwe inagulitsa Moises Caicedo ku Chelsea pa 115 miliyoni mu 2023, siichita manyazi potchula mtengo, nde nkhaniyo inathera mmalere ndipo panalibe dzina lachiwiri. Apa mpamene ine ndimadabwa, timu yaikulu chonchi kukhala ndi munthu mmodzi yekha pa ndandanda wa malo ofunika chotere. Ena amati bola akanasiya Sesko, nkusunga Hojlund chaka china, ndalamayo nkugulira wapakati. Ena amati akanalola Bruno kupita ku Al-Hilal ya ku Saudi Arabia yomwe inabwera ndi ndalama zochuluka kumayambiriro kwa Juni, munthu ali ndi zaka 30, mtengo ngati umenewo sudzabweranso, nkugula apakati awiri achinyamata. Bruno yekha anakana, anati akufuna kusewerabe mpira wapamwamba. Ine ndinasangalala kuti anakhala chifukwa kumuchotsa Bruno mu timu ya 2024/25 ija sindikudziwa kuti tikanathera pati, koma mfundo yoyamba ija ya kusiya sitiraika nkugula wapakati ndimaiona yolemera mpaka lero.

Ndipo za Mainoo zimandipweteka kwambiri. Pa 25 Meyi 2024 ku Wembley United inachinya Manchester City 2-1 mu fainolo ya FA Cup, ogoletsa anali Garnacho ndi Mainoo, onse a zaka 19. Mainoo anapitanso kukayamba fainolo ya Euro 2024 ndi England. Patangotha miyezi 15 mmodzi ali ku Chelsea, winayo akupempha kuti amulole apite pangongole chifukwa sakusewera, kochi akunena kuti akulimbirana malo ndi Bruno, kaputeni amene satuluka mu gemu. Timu inakana kumulola koma sinamupatsenso mpata. Kwa timu imene imanyadira kuti kuyambira 1937 sipanakhale gemu popanda mwana wa ku akademi pa ndandanda, izi si zazing'ono.

Goloboyi nayenso anachedwa naye popanda chifukwa. Aliyense anaona sizoni yonse kuti Andre Onana, yemwe anabwera kuchokera ku Inter mu 2023, chidaliro chamuthera, koma Juni anadutsa, Julaye anadutsa, palibe chochitika. Gemu yoyamba pa 17 Ogasiti ndi Arsenal pa Old Trafford anaika Altay Bayindir, kona imodzi analephera kuiwomba bwino, Riccardo Calafiori nkungogwedeza mutu pa mzere, 1-0, gemu imene United inasewera bwino kuposa Arsenal. Pa 27 Ogasiti ku Grimsby Town, timu ya mu divishoni yachinayi, Onana anabwerera pagolo nkulakwitsa, chipani choyamba chisanathe tili kumbuyo 2-0, Mbeumo ndi Harry Maguire anabweza koma ku mapenate tinatuluka 12-11, Cunha anaphonya yomwe ikanamaliza nkhani ndipo yomaliza Mbeumo anamenya chitsulo cha pamwamba. Apo mpamene anadzidzimuka. Tsiku lomaliza panali maina awiri, Emiliano Martinez wa Aston Villa amene anatenga World Cup ndi Argentina mu 2022, ndi Senne Lammens wa Royal Antwerp, zaka 23, amene ambirife tinali tisanamuonepo akusewera. Anatenga Lammens pa mapaundi cha mma 18 miliyoni, Onana nkupita pangongole ku Trabzonspor. Usiku umenewo anthu ambiri analusa, amafuna dzina lodziwika, koma apa akuluakulu anaganiza bwino, Martinez anali atadutsa zaka 30 ndipo malipiro ake ndi okwera, ndiye mtundu wa kugula umene unatifikitsa pamavuto. Lammens atayamba pa Sunderland mu Okutobala sanachinyitse, amatuluka kukagwira makona modekha, ndipo pa 19 Okutobala anali pagolo pamene United inapambana 2-1 pa Anfield, kwawo kwa Liverpool, koyamba chiyambire 2016, Mbeumo atagoletsa mphindi ziwiri zisanathe.

Pansi pa mikangano yonseyi panali funso limodzi lomwe anthu samalitchula mwachindunji, loti kodi timu ikugulira ndani, kochi kapena kilabu. Chichokereni Sir Alex Ferguson mu 2013 kochi aliyense amabwera ndi anthu ake, Van Gaal ake, Mourinho ake, Ten Hag nde anadzaza anyamata amene anawadziwa ku Ajax ndi ku Netherlands, akachotsedwa wobwerayo amapeza osewera osagwirizana ndi mpira wake nkuyambanso kugula. Amorim mpira wake sufuna mawinga enieni, nde Rashford, Garnacho, Antony ndi Sancho onse kuchoka pakamodzi zinali zomveka kwa iye, koma masapota ena anachenjeza nthawi yomweyo kuti nanga bamboyu akachotsedwa, wobwerayo akafuna mawinga adzawapeza kuti. Amene amanena zimenezi amatchedwa adani a kochi.

Pa 5 Januwale 2026 Amorim anachotsedwa ntchito atakhala miyezi 14. Michael Carrick atapatsidwa timu anabwerera ku madifenda anayi, Bruno anamukankhira kutsogolo pamalo pake, Mainoo anayamba kusewera, ndipo kumanzere kutsogolo kunalibe winga weniweni mpaka anaikako Patrick Dorgu amene anagulidwa ku Lecce ngati wotchinga wa mmbali. Chomwe chinapulumutsa msika wa 2025 nchakuti Cunha, Mbeumo, Sesko ndi Lammens ndi osewera oti kochi aliyense angawagwiritse ntchito, sanali a 3-4-2-1 yokha. Koma wapakati uja sanagulidwe pa msika umenewo, ndipo 40 miliyoni ya Garnacho inangophimba chaka chimodzi, zaka zinayi zotsalazo za anyamata atatu aja zikudikirabe mmabuku.